Mimba Yomwe Agape Analibe

1

Mukafika ku Lifuwu n'kufunsa za Molly, anthu angokuyang'anani. Koma mukati, "Anti aja oseketsa anthu pamaliro amakhala pati?" ngakhale wa kabaza wachilendo akufikitsani pakhomo. Ndine ameneyo. Zaka ndili nazo 63, mano atsala owerengeka, koma pakamwa sipanakalambe.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 3. Ukwati ndinaulawa kawiri, ndipo konse kuwiri amunawo anatopa n'kuseka. Mwana Mulungu sanandipatse. Ndimakhala m'kanyumba kakuseri kwa mlongo wanga wamng'ono, Edmund, mphunzitsi wamkulu wa ku pulayimale, munthu woti ngakhale popita kukagula tomato amapisira shati. Mkazi wake ndi Temwani wa ku Rumphi, mlembi wa amayi kutchalitchi. Ine ndi iye timagwirizana ngati diso ndi mchenga. Masiku atatu pa sabata ndimakasesa kugombe kwa loji ina cha ku Senga Bay, kutola mabotolo ndi zonse zimene alendo a ku Lilongwe amataya akasangalala.

Ndiye pali Agape, mwana wawo mmodzi yekhayo. Zaka 17, Fomu 4, wanzeru ngati bambo ake koma woseka ngati ine. Ndinamubereka kumsana ali khanda, ndipo kuyambira pamenepo chinsinsi chake chilichonse chinkagona m'kanyumba kanga.

Tsiku limenelo linali Lachiwiri m'mawa, mu Meyi. Ndikutsuka m'kamwa ndinamva Temwani akuitana ndi mawu amene amawasungira maliro.

"Alamu! Tabwerani kuno mudzaone."

Ndinapeza Agape atagwada kuseri kwa bafa, akusanza, nkhope ili mbuu.

"Lero ndi kachitatu," anatero Temwani. "M'mawa wokhawokha. Chizungulire, nseru, chakudya akukana. Inu ndinu wamkulu, tandiuzani, matenda amenewa ndi ati?"

"Mwina ndi kuphika kwanu, alamu. Nanenso dzulo nyemba zija zinandiyimbitsa kwaya usiku wonse."

Sanaseke. Agape anadzutsa mutu n'kundiyang'ana kamodzi kokha, ndipo ine ndinayang'ana nkhuku.

2

Madzulo ake Edmund atabwera kusukulu anatiitana tonse pabalaza, mwanayo atamutuma kumsika. Anakhala pampando ngati ali pa asembule.

"Achemwali," anatero, "ine ndathamangitsa ana a anthu pasukulu chifukwa cha nkhani ngati imeneyi. Lero ili m'nyumba mwanga."

"Nkhani yake iti? Munthu asamasanze? Nanga ine ndikasanza mawa mukatinso ndili ndi pakati?"

"Lekani nthabwala. Ngati mwana ameneyu ali ndi mimba, mayeso a Fomu 4 salemba. Sindingamulole akakhale m'holo ndi mimba, dzina langa lili pachitupa. Ndikamutula kwa mwini wake, akamudyetse."

Mayeso anali atatsala milungu isanu ndi iwiri. Mwana ameneyu ankafuna unamwino kuyambira ali Sitandade 5, ankabaya jakisoni mapapaya onse a pakhomo.

"Bwanji osangopita naye pachipatala chathu chapafupichi akamuyeze?" ndinatero.

"Kuti mawa Lifuwu yense adziwe?" anayankha Temwani. "Ogwira ntchito pamenepo theka ndi a kutchalitchi kwathu. Tipita ku boma Loweruka, kumene satidziwa."

"Koma Loweruka lisanafike ndikufuna dzina la mnyamatayo," anatero Edmund. "Achemwali, inu ndinu bambo ake aakazi. Kumufunsa mwana nkhani ngati iyi ndi ntchito yanu, si ya ine kapena mayi ake. Mukhale naye pansi."

Kwathu kuno ndi mmene zimakhalira. Mtsikana akakayikiridwa, amene amatsekera naye chitseko ndi azakhali, ndipo zimene azakhali atuluke nazo ndi zimene banja limagwira. Anandipatsa mlandu m'manja kuti ndiweruze. Akanadziwa, akanayamba wandifunsa ine.

3

Ndinamutengera m'kanyumba kanga n'kutseka chitseko. Ndinakhosomola ngati nankungwi.

"Eya, mtsikana, tiuze. Ndi wa boti, wa kabaza kapena wa tayi? Ngati ndi wa tayi undigawireko mkulu wake."

"Anti, musatero." Anandiyang'ana m'maso. "Inu mukudziwa kuti si mimba."

"Ine ndidziwa bwanji? Ndimagona m'mimba mwakomo?"

"Sindinagonepo ndi mwamuna. Ndikuganiza kuti ndi zathu zija."

Ndinayang'ana kuchitseko. "Tsitsa mawu. Zija sizidwalitsa munthu. Ine bwanji ndili bwinobwino?"

"Inu mumangolawa. Ine ndimayamba ndisanadzuke pamphasa, kusukulu pa buleki, powerenga. Ndikapanda kutero mutu umandiwawa, ndimafuna kumenya munthu."

"Ndiye usiye."

"Ndayesa, Anti. Sindikutha." Anandigwira dzanja. "Koma musawauze. Adadi akamva andipha, ndipo inu amami akuthamangitsani pano. Loweruka akandiyeza, aona kuti mulibe kanthu, nkhani itha."

Kunena zoona mawu amenewo anandikomera. Masiku anayi okha. Munthu wa zaka 63 wopanda mwana, wopanda munda, akathamangitsidwa amalowera kuti? Ndinatuluka n'kukauza makolo ake kuti mwana akukana, akuti alibe mnyamata.

"Onse amakana," anatero Temwani.

Lachitatu anakauza mnzake mmodzi wa kutchalitchi kuti amuthandize kupemphera. Mmodzi yekha, mwachinsinsi. Pofika Lachinayi masana, amayi oyanika usipa pamathandala anali akudziwa kale kuti mimbayo ndi ya miyezi itatu, ena ankati inayi, ndipo mayi wina anandiuza ine mwini wake kuti ndi mapasa.

4

Dzina limene ine ndinalephera kubweretsa, anthu analipeza okha: Masautso. Mnyamata wa zaka 22, msodzi, woimba besi mukwaya imene Agape amaimbamo. Tchimo lake linali lakuti tsiku lina kukugwa mvula anamukweza Agape panjinga kuchokera kutchalitchi.

Lachinayi lomwelo Masautso anali atangofika kuchokera kuchilumba cha Mbenji kudzaona mayi ake. Edmund anamva, anavala jekete, ulendo wa kugombe. Ine pambuyo, ndikukoka mapazi mumchenga.

Tinamupeza akutsitsa nsomba m'boti, anthu ali bii.

"Iwe! Ndiwe wandiwonongera mwana?"

Masautso anaika beseni pansi n'kuvula chipewa. "Aphunzitsi, mwana wake uti?"

"Usandipusitse. Agape."

"Aphunzitsi, ine chitsegulireni nyanja mu Epulo ndili ku Mbenji. Kuchilumba kuja mkazi saponda, inu mukudziwa. Nanga mimbayo ndinaitumiza pa boti?"

Anthu anaseka. Edmund sazolowera kusekedwa. Anamugwira pakhosi pa malaya.

"Mu Malichi unali kuno! Loweruka tikabwera kuchipatala, ukonzeke. Ndidzakutulira pakhomo pa amako ndi chikwama chake."

Mayi ake a Masautso, amene amagulitsa nsomba zowamba, anagwada pamchenga pomwepo n'kuyamba kulira. Anandiona ine.

"Anti Molly, inu mwanayu mukumudziwa chibadwire. Tanenani kanthu!"

Ine amene pakamwa panga sipatsekeka ngakhale m'tchalitchi, ndinangoti, "Tiyeni tidikire Loweruka, amayi." Ndipo ndinawonjeza kanthabwala kena kopusa ka mapasa, anthu n'kusekanso. Masautso anandiyang'ana n'kunyamula beseni lake.

Pobwerera ndinkadzitukwana njira yonse. Koma kutukwana kwa mumtima sikumveka kwa munthu.

5

Lachisanu Agape sanapite kusukulu. Anati anzake akumuyang'ana pamimba. Kuwonjezera apo, dzino lake lakumapeto, lobooka kalekale, linayamba kuwawa mpaka tsaya kutupa. Edmund anali kuntchito, Temwani anapita kusikimu kukaona anthu omweta mpunga wake.

Cha m'ma 11 koloko anabwera m'kanyumba kanga atagwira tsaya, misozi ili chuchuchu.

"Anti, panado sakugwira. Ndipo zija zonse zatha, palibe ngakhale kamodzi kakutulutsa kanthu. Mutu ukung'ambika."

Ndinamumvera chisoni mwana. Mimba yabodza, dzino, mutu, zonse pa munthu mmodzi.

"Khala apa," ndinatero. "Dzino ndi matenda a ana. Amayi anga, agogo ako, ankalithetsa mphindi zisanu. Ine mano onse amene anachokawa ndinawasamalira ndekha."

"N'chifukwa chake anachoka."

Tinaseka tonse. Kameneko kanali komaliza kumumva akuseka nthabwala yanga.

Ndinatenga mpeni wotumbulira nsomba, ndinakonza mankhwala anga, ndinamuika padzinopo n'kumuuza kuti alume. Anati akuwotcha. Ndinati ndiye kuti akugwira ntchito, alume kwambiri, malovu asalavule.

Sipanathe nthawi yoti munthu n'kuphika tiyi. Anayamba dovu, lambiri, likungotsika pachibwano. Thukuta linatuluka ngati amuthira madzi. Anasanza pamphasa, anasanzanso. Ndinamugwira pachifuwa, mtima ukugunda ngati injini ya boti.

"Anti, sindikuona bwino," anatero. Kenako miyendo inayamba kukoka, maso anatembenuka, anagwa chammbali.

Ndinakuwa. Koma ndisanakuwe, Mulungu andikhululukire, ndinayamba ndapisa chala m'kamwa mwake, ndinachotsa chimene ndinaikamo, n'kuchimanga pamfundo ya chitenje changa.

6

Aneba anathamangira Edmund kusukulu, wina anaimbira Temwani. Galimoto ya mpunga imene inkapita ku boma ndi imene inatinyamula, Agape atagona pamatumba, mutu uli pamiyendo yanga. Njira yonse Temwani ankapemphera m'Chitumbuka, Edmund ali pambali pake.

Kuchipatala anamulandira mwachangu. Anamuika diripi, anamuveka chopumira kumphuno. Amene ankamuona anali dokotala wachitsikana, pachifuwa palembedwa kuti Karima. Patapita kanthawi anatuluka n'kutiitanira pakhonde.

"Makolo ake ndi ati?"

"Ndife," anatero Edmund. "Adokotala, tisabise. Mwanayu ali ndi pakati."

"Alibe. Tamuyeza."

Temwani anakhala pansi pasimenti.

"Chimene chilipo n'chakuti m'thupi mwake mwalowa poizoni," anapitiriza a Karima. "Dovu, thukuta, kusanza, kukoka, ndipo mtima umene unkathamanga uja tsopano ukutsika. Kunyumba kuli tameki? Mankhwala a mbewu, a makoswe? Panali chimene chinamukhumudwitsa masiku ano?"

Edmund, munthu uja wopisira shati, anatsamira khoma n'kutsetsereka mpaka pansi.

"Ndinamuuza kuti salemba mayeso," anatero. "Ndinati ndikamutula kwa mwamuna. Pamaso pa anthu. Mwana wosalakwa. Wamwa tameki chifukwa cha ine. Achemwali, ndapha mwana wanga."

"Bambo, kulira mulira bwino," anatero a Karima. "Panopa ndikufuna kudziwa chimene ndikulimbana nacho, wamwa chiyani, chochuluka bwanji, nthawi yanji. Anali ndi ndani?"

Onse anatembenukira kwa ine. Ndinafunafuna nthabwala m'mutu monse, munalibe ngakhale imodzi. Ndinayang'ana mlongo wanga ali pansi, mwana amene ndinkamupukuta mamina, akudzitenga ngati wakupha.

Ndinamasula mfundo ya chitenje. Pachikhatho panga panali kathonje konyowa, kachikasu, konunkhira mango.

"Sanamwe tameki," ndinatero. "Ndamuika ichi padzino. Ndine."

7

Tsopano ndikuuzeni zimene ndakhala ndikuzizungulira.

Chaka chatha kuchipatala anandiletsa fodya wanga wa mphuno chifukwa cha BP. Ndinavutika. Ndiye tsiku lina ndikusesa kuloji ndinatola kanthu kokongola, kotalika ngati chala, kapinki, kokhala ngati chivindikiro cha cholembera chachikulu. Ndinali nditaona alendo akutiyamwa n'kutulutsa utsi wonunkhira zipatso. Akatopa nato amangotaya pamchenga. Ife a kunyanja sititaya kanthu. Botolo timathiramo mafuta, neti yakale timamangira mpanda. Ndinapukuta pachitenje, ndinayamwa. Mango weniweni! Ndipo mutu unapepuka ngati mmene unkachitira ndi fodya wanga uja.

Kuyambira pamenepo Lolemba lililonse ndinkabwera nato tisanu, tisanu ndi kamodzi, tina totsala pang'ono, tina todzadza. Ndinkatitcha maswiti a mpweya.

Agape anandipeza tsiku lina ndikutulutsa utsi m'mphuno ngati basi yakale. Anaseka mpaka kugwa. Ndinati, "Talawa, uone mmene amasangalalira a ku Lilongwe." Anakhosomola, tinaseka. Atandiuza kuti kamamuchotsa tulo powerenga, ine ndinanyadira kuti ndikuthandiza maphunziro, ine wa Sitandade 3. Ndinayamba kumusungira tonunkhira bwino. Miyezi isanu.

Tsiku la dzino lija tonse tinali titasiya kutulutsa utsi. Koma ine ndinkakumbukira amayi anga: dzino likawawa, ankatsina fodya n'kumuika pabowo. Ndinaganiza kuti ngati timeneti timapepusa mutu ngati fodya, ndiye kuti mphamvu yake ndi yomweyo. Ndinang'amba titatu ndi mpeni. M'kati muli kabatire ndi thonje lonyowa. Ndinachotsa mathonje atatuwo, ndinawakulunga pamodzi, ndinamuika mwana m'kamwa n'kumuuza kuti asalavule.

Mwamva bwino. Ndinkauza Agape kuti si fodya, ndi nthunzi ya zipatso. Koma pofuna mankhwala a dzino ndinadziwa bwinobwino kuti ndi fodya. Mutu wanga unkadziwa zonse ziwiri, n'kumasankha yondikomera tsiku limenelo.

A Karima ananunkhiza thonjelo n'kuthamangira m'kati. Atatulukanso, patapita nthawi yaitali, anatiuza kuti mtima wayamba kubwerera m'malo, koma agona masiku angapo. Kenako anandiyang'ana ine.

"Amayi, timeneti ndi mavepu. Madzi ali m'katimo ali ndi nikotini, poizoni yemweyo wa mufodya, koma wokhuthala. Kamodzi kokha kangathe kukhala ndi wochuluka kuposa mapaketi angapo a ndudu. Akakhudza m'kamwa kapena pakhungu amalowa m'magazi msangamsanga. Inu mwamupatsa titatu nthawi imodzi. Mukanachedwa, kapena akanakhala mwana wamng'ono, bwenzi tikunena zina."

"Nanga kusanza kwa m'mawa kuja?" anafunsa Temwani.

"N'komweko. Ankasuta wambiri m'mimba muli mbee. Thupi linkakana."

Temwani anadzuka pansi pang'onopang'ono. Ndinkayembekeza khofi, ndipo ndikanalilandira. Sanandimenye.

"Lachiwiri munali pomwepo kuseri kwa bafa," anatero. "Munanena za nyemba."

Edmund sanandiyankhule mpaka tinabwerera kunyumba.

8

Agape anatuluka patapita masiku anayi, atawonda, dzino atalichotsa. Ine ndinkaganiza kuti nkhani yatha, chatsala n'chakuti andithamangitse. Sanandithamangitse. Edmund anangoti, "Mukhala pompano, muziona zimene mwachita." Anapita yekha kwa Masautso ndi mayi ake kukapepesa, ine ndinapita padera. Masautso anandilandira, anandipatsa mpando, koma kukwaya sanabwererenso.

Koma tamvani mmene anthu amawerengera. Mtsikana ankasanza. Bambo ake anakagwira mnyamata pakhosi pagulu. Kenako mtsikana athamangira naye ku boma ali chikomokere, azakhali ake anali naye okha m'nyumba, wagona masiku anayi, wabwera wopanda mimba. Inu mukanati chiyani?

"Anachotsa."

"Anti Molly ndi amene anamupatsa mankhwala ake."

Pachitsime, pamathandala, m'kalasi. Wina analemba pa desiki yake mawu amene sindingawabwereze pano.

Ndinati ayi, ichi ndiye ndichikonza ndekha. Lachinayi pamsonkhano wa amayi kutchalitchi ndinapempha nthawi. Ndinaimirira kutsogolo, ndinatulutsa kavepu kamodzi m'chikwama, ndinakakweza m'mwamba.

"Amayi, Agape analibe mimba. Chinamudwalitsa ndi ichi. Ine ndinkatola kuloji, ndinkasuta, ndinamuphunzitsa."

Kumbuyo wina anayamba kuseka.

"Anti Molly kusuta cholembera!"

"Zoona, amayi. Ndinang'amba titatu n'kumuika thonje lake padzino."

Tchalitchi chonse chinagwa nacho chiseko. Mayi wina mpaka anapukuta misozi ndi duku. "Anti, inu ndiye simudzatha! Thonje la mango!"

"Sindikuseka ine!"

Pamene ndinkakalipa m'pamene ankasekera, poganiza kuti ndi mbali ya sewero. Temwani anaimirira kuti andichitire umboni, koma mayi wokhala pafupi naye anamukoka chitenje mwachifundo. "Khalani pansi, amake Agape, tamva. Mwana ndi mwana, tonse tili nawo." Potuluka ndinamva wina akunong'oneza mnzake kuti banja la aphunzitsi ndi lochenjera, latuma wanthabwala kuti aphimbe nkhani.

Zaka makumi asanu ndakhala ndikunamiza anthu amenewa kuti aseke, ndipo ankandikhulupirira. Ndinawauzapo kuti ng'ona inandipatsa moni m'Chingerezi, ena anapita kukaiona. Tsiku limodzi lokha limene ndinanena zoona, palibe anandimvera.

Ndinafika kunyumba ndili ndi ukali woti ndikanatha kuluma mtengo. Agape anali pakhonde ndi mabuku, akutafuna chingamu, mwendo ukugwedezeka. Chilakolako cha utsi uja chinali chisanamusiye. Milungu yoyamba ankalira popanda chifukwa, ankakalipira aliyense, tsamba limodzi ankaliwerenga katatu.

"Akhulupirira?" anafunsa.

"Aseka."

Anagwedeza mutu, maso ali pabuku. Ndinayesa kumuseketsa, ndinamuuza mmene mayi uja ankapukutira misozi ndi duku. Nkhope yake sinasinthe.

"Anti, mukanangonena Lachiwiri lija."

"Unandiletsa ndiwe."

"Ine ndine mwana. Wamkulu munali inu."

9

Mayeso analemba. Tsiku lililonse ankadutsa pakati pa anthu omuyang'ana pamimba, mutu uli chilili, ine ndikumuperekeza chapatali ngati galu wolakwa. Zotsatira sizinatuluke. Iye akuti pepala la sayansi silinamuyendere bwino chifukwa mutu sunkagwira, ndipo unamwino umafuna sayansi yomweyo. Utsi anasiya, miyezi itatu tsopano, ngakhale akuti akamva fungo la mango m'kamwa mumadzadza malovu. Amandipatsa moni, amandibweretsera madzi. M'kanyumba kanga salowanso.

Kuloji ndimapitabe. Timavepu ndimatolabe, koma tsopano ndimatiika m'chitini chotseka n'kukapereka kwa abwana kuti aone kotaya, kutali ndi ana amene amasewera pamchengapo. Lolemba lapitali ndinatola khumi ndi tiwiri. Ndipo si alendo okha ayi. Ndaona ana a yunifolomu pa Senga Bay akupatsirana kuseri kwa magolosale, ndikawakalipira amati, "Agogo, si fodya uyu, ndi fuleva." Mawu anga omwe aja, andibwerera ndi Chingerezi.

Inu owerenga, makamaka azakhali anzanga, agogo, amalume okonda kusekedwa ndi ana: mwana akamakukondani chifukwa simumukaniza kanthu, samalani. Ine ndinkafuna kukhala Anti wokoma kuposa mayi ake, ndipo ndinatsala pang'ono kumuika m'manda ndi chala changa chomwe. Kanthu kakanunkhira zipatso sikatanthauza kuti ndi chipatso. Mukakaona m'chikwama cha mwana, musayambe ndi kukuwa ngati mlongo wanga, musayambenso ndi nthabwala ngati ine. Mufunseni, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira Loweruka. Ndipo mwana akakupemphani kuti mubise chinthu chimene chikumudwalitsa, muswereni lonjezolo. Akwiya, koma akwiya ali moyo ndi dzina lake.

Nkhaniyi ndailemba chifukwa papepala nkhope yanga sikuoneka, mwina apa mundimva. Ngati muli a ku Lifuwu ndipo mwaizindikira nyumba imene ndikunenayi, kaiwerengeni pamathandala, mokweza. Masautso sanalakwe. Agape analibe mimba, sanachotse kanthu. Chimene chinachotsedwa m'thupi mwake ndi thonje limene ndinaikamo ine.

Ndakuseketsani pamaukwati anu, ndakuseketsani pamaliro a amuna anu, sindinakupempheni kanthu. Lero ndikupempha chimodzi. Musaseke.